Mwamuna Amene Ankalankhula M'khutu mwa Achemwali

Kusukulu kwathu ku Kitwe, mabuku ambiri amene tinkakanganirana sitinawagwirepo ndi manja. Tinkawamvera. Mumsika waukulu wa mtauni munali bambo wina woika nyimbo pa memori khadi, ndipo pakompyuta yake analinso ndi mabuku achingerezi owerengedwa mokweza, ena aatali moti mwezi unkatha usanafike kumapeto. Mtsikana mmodzi akatenga buku kumeneko Lolemba, pofika Lachisanu linkakhala lili m'foni ya aliyense amene anali ndi foni. Pa buleki tinkakhala kuseri kwa labu n'kumatsutsana m'Chibemba, mokuwa ngati tikugulitsa tomato. Wina ankati wowerenga wa buku lakuti amalankhulira m'mphuno. Wina ankati buku lakuti n'lotopetsa, anthu ake amangomwa tiyi n'kumayang'ana pawindo. Woulula mapeto ankamenyedwa ndi zikwama mpaka apepese. Ine ndinali giredi 11, ndipo ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu akamvera mabuku okwanira, Chingerezi cha mayeso chimabwera chokha, ndipo zina zonse za moyo zimatsatira pambuyo.

Ndine ndinawapatsa achemwali anga khadi yawo yoyamba. Iwo ndi oyamba kubadwa kwathu. Anasiya sukulu ali giredi 10, patapita zaka anakwatiwa ku Buchi. Ife timakhala ku Kamitondo, m'nyumba imene anasiya agogo aamuna, omwe anachokera ku Malawi kudzagwira ukalaliki kumgodi. Kuchokera kwathu kupita kwa achemwali ndinkangoyenda pansi, ndipo Loweruka lililonse ndinkapitako kukawathandiza kusita. Ankasoka mayunifolomu a sukulu pa makina opalasa ndi phazi. Maso ndi manja zinkakhala pansalu tsiku lonse, koma makutu analibe ntchito. Makinawo ankasokosera, choncho ankavala mahediseti.

Loweruka tinkagawana, waya umodzi m'khutu mwanga, wina m'khutu mwawo, ine nditakhala pampando kufupi kwambiri kuti waya usakokeke. Tinapangana kuti pasakhale wotsogola pakati pa sabata. Achemwali ankaphwanya pangano limeneli sabata iliyonse, ndipo ndinkawagwira chifukwa ankayamba kuseka nthabwala isanafike.

Sitinkagwirizana pa buku lililonse. Ine ndinkakonda zachikondi. Iwo ankati, "Iwe, chikondi cha m'mabuku ako n'chopepuka, palibe amene amatsuka mbale. Ndibweretsere la anthu ogwira ntchito."

Ndiye ndinawabweretsera la anyamata awiri apachibale olimbirana nyumba yophikira buledi imene bambo awo anasiya. Wamkulu anali wouma mtima. Wamng'ono anali wachikondi koma wamkwiyo, akapsa mtima ankaswa zinthu, kenako n'kulira. Ine ndinkamumvera chisoni wamng'onoyo.

"Amalapa, achemwali. Simunamve mmene analirira?"

"Ndamva. Wolembayo akufuna kuti timukonde. Ine wandilephera. Uvuni waswa kale, misozi yake iphika buledi?"

"Inu mulibe mtima."

"Sita kolalayo bwino, mayi wa mtima. Ukupsereza."

Chimene tinkagwirizana ndi wowerenga wake. Anali mwamuna wa mawu otsika, odekha. Achemwali ankati amawerenga ngati munthu amene palibe kumene akuthamangira.

Alamu anga ankagwira ntchito pansi kumgodi. Ndi Mbemba, wamtali, woseka kwambiri pagulu. Akabwera kwathu ankagwada popereka moni kwa atate, ndipo amayi ankawayamikira kutchalitchi. Koma achemwali ankavala malaya a manja aatali ngakhale m'nyengo yotentha, ndipo nthawi ina anabwera ndi mlomo wotupa n'kunena kuti chitseko cha kabati. Amayi anawayang'ana, n'kunena kuti banja limatero poyamba, limakhazikika.

Loweruka limene ndikunenali linali la mu Okutobala, kukutentha moti malata ankalira. Alamu anali pa shifiti ya masana, ankayenera kubwera madzulo. Achemwali anandituma kuti ndikayanike malaya amene tinachapa, kuseri kwa nyumba. Ndinachotsa waya wanga, ndipo ndikutuluka ndinawaona akuulowetsa m'khutu lawo linalo. Ndinawauza kuti asatsogole. Anati angobwereza pamene tadutsa kale. Panali pamene wamng'ono uja waima pageti pa mkazi amene anamuthawa, akumuuza kuti wadikira nyengo yonse yozizira, kuti abwerere, kuti popanda iye sagona. Achemwali ankanyoza mnyamatayo, koma malo amenewo ankawakonda chifukwa cha mmene wowerenga ankatsitsira mawu.

Sindinawaone alamu akulowa. Pambuyo pake ndinamva kuti kunali vuto la magetsi pansi ndipo anawabweza msanga. Achemwali anandiuza kuti anali atasiya kupalasa, atatsinzina, akumwetulira. Atatsegula maso anaona alamu ataima pakhomo, sakudziwa kuti anaimapo nthawi yaitali bwanji. Alamu anayenda modekha, anasolola waya umodzi, n'kuuika m'khutu mwawo.

Ine chimene ndinamva ndi mawu amodzi a Chibemba, "Nani uyu?" kufunsa kuti ameneyu ndani. Kenako phokoso ngati munthu waomba m'manja kamodzi mwamphamvu. Kenako makina anagwa.

Ndinathamanga malaya onyowa ali m'manja. Achemwali anali pansi pakati pa mpando ndi makina, atagwira khutu lamanzere, magazi akutuluka pakati pa zala. Anawamenya khofi hediseti ili m'khutu momwemo. Alamu anali atagwira foni, akuyang'ana pagalasi, akufuna dzina la munthu. Panalibe dzina, panali nambala ya chaputala basi. Zimenezo zinawakwiyitsa koposa.

"Wamubisa! Wamulemba nambala kuti ndisamudziwe!"

"Ndi buku, alamu! Ndi buku chabe! Ndine ndinabweretsa!"

"Iwe ndiwe umamubweretsera amuna? Ndiye ntchito imene umabwerera kuno?"

Anaponya foni kukhoma, inagawanika, batire linagubuduzika kulowa pansi pa kabati. Anaiponda ndi jombo yakumgodi, ija ya chitsulo kutsogolo. Kenako jombo yomweyo anaitembenuzira kwa achemwali. Anawaponda m'nthiti. Achemwali sanakuwe, anangotulutsa mpweya ngati matayala akuphwa, n'kudzipinda. Anawagwira tsitsi, mangongo amene ndinawaluka ndekha sabata yathayo, n'kuwakoka mpaka pakhomo la kuchipinda. Mutu unagunda pafelemu. Ndinalumphira pamsana pa alamu n'kuwakulunga malaya onyowa aja kumaso. Anandichotsa ndi chigongono chimodzi. Ndinagwera pa ayironi, mwayi inali itazizira, koma mano anga analuma lilime ndipo m'kamwa munadzaza magazi.

Ndinatuluka panja ndikukuwa m'Chibemba, m'Chichewa, m'Chingerezi, chilichonse chimene chinabwera. Anthu anali atasonkhana kale kumpanda. Azibambo awiri ankasewera nsolo pansi pa mango anaima n'kumayang'ana, mmodzi akunena kuti za m'nyumba ya mwini sizilowereredwa. Amene analowa ndi mayi mwini nyumba, wachikulire wonenepa wogulitsa makala, amene achemwali ankamusokera zitenje. Ananyamula fosholo yake yamakala. Anamenya chitseko ndi fosholoyo mpaka chinang'ambika, n'kunena kuti, "Ukamuphera m'nyumba mwanga, iwenso utuluka uli mtembo." Alamu anasiya. Anatuluka akupuma mwamphamvu, akuuza anthu a kumpanda kuti wamugwira mkazi wake akulankhula ndi chibwenzi, mwamuna wa Chingerezi, masana dzuwa likuswa mtengo. Ena anapukusa mitu momumvera chisoni.

Tikudikira galimoto yoti itipititse kuchipatala, ndinagwada n'kufufuza m'zidutswa za foni. Memori khadi inali yamoyo, kanthu kakang'ono ngati chikhadabo. Ndinaikulunga m'kapepala ka switi n'kuika mu sokosi. Ndinkaganiza kuti ndapulumutsa achemwali. Ndinkati anthu akangomva kuti ndi buku, zonse zikhala poyera.

Kuchipatala anati nthiti sizinathyoke koma m'kati mwa khutu mwang'ambika, tidikire tione ngati mupole. Achemwali anabwera kwathu ku Kamitondo, anagona pabedi langa, ine pansi. Sankadya. Amayi ankawasambitsa ndi madzi ofunda ngati mwana. Atate, omwe ndi mkulu wa mpingo, anangoyang'ana mabalawo kamodzi n'kukakhala panja. Ndinawafunsa ngati tipite kupolisi. Anati tiyambe takhala pansi monga anthu. Uthenga wa chibwenzi cha Chingerezi unali utafika kale kutchalitchi, ndipo amayi ena a chigwirizano anasiya kutipatsa moni bwinobwino.

Anakhala pansi Lamulungu la sabata yotsatira, titaweruka kutchalitchi. Amalume, omwe ndi ankhoswe a achemwali, anabwera pa minibasi kuchokera ku Twapia ku Ndola. Anagwirapo ntchito ya muofesi ndipo amanyadira Chingerezi chawo. Alamu anabwera ndi nkhoswe yawo, imene kwawo amati shibukombe, mdala wa chipewa chachikopa. Ine sindinkayenera kukhalapo, koma khadi inali ndi ine, ndipo ndine ndekha ndinkadziwa kuilowetsa mu wailesi ya atate, imene amamverera nyimbo zakwaya. Achemwali anakhala pamphasa, thonje lili m'khutu. Atate anakhala pampando kumanzere kwawo.

Shibukombe anayamba. Anati mwana wawo walakwa kukweza dzanja, koma mwamuna aliyense akamva mwamuna mnzake akunyengerera mkazi wake m'khutu, magazi amathamanga. Anati akufuna adziwe dzina la munthuyo.

Amalume anandikodola. "Iwe mwana, tiyitanire munthuyo."

Ndinalowetsa khadi, ndinafufuza chaputala chija. Mawu aja anadzaza pabalaza pathu, otsika, odekha, akupempha mkazi kuti abwerere. Alamu anadzuka theka. "Ndi yemweyu! Ndi yemweyu!"

"Khalani pansi, mkamwini," anatero amalume. "Timve mmene athere."

Wowerenga anapitiriza. Anasintha mawu n'kukhala mkazi uja akuyankha pawindo. Kenako anakhala mkulu wa mnyamata uja akubwera ndi nyali. Kenako ananena kuti chaputala chatha, n'kutchula nambala ya chotsatira. Amalume ankamasulira m'Chibemba kuti shibukombe amve, ndipo posakhalitsa anaiwala chimene tinakhalira.

"Koma wamkuluyu akunena zoona. Bizinesi ya bambo siyoti uzipatsa munthu woswa zinthu," anatero amalume.

"Awe mukwai," anakana shibukombe, "onse ndi ana. Agawane."

"Agawane uvuni? Uvuni umagawika?"

"Nanga mkaziyo anatsegula geti?"

"Mwana, pititsa patsogolo pang'ono."

Amayi anatsokomola. Amalume anadzidzimuka, anakonza tayi, kenako anaseka mpaka kupukuta misozi. Shibukombe nayenso anaseka, akumenya alamu paphewa ndi chipewa chake. "Chitsiru iwe! Wachitira nsanje wailesi!" Alamu anaweramitsa mutu, kenako anagwada pakati pa balaza. Analira misozi yeniyeni. Anati ndi chikondi chinawapusitsa, anati agula foni ina yabwino kuposa ija, akonzetsa makina, anati chiyambire tsiku lija sagona.

Ine ndinamva mtima wanga ukupepuka. Achemwali ayera, tchalitchi chonse chidziwa. Ndiye amalume ananena mawu amene sindinawayembekezere.

"Basi, tathokoza Mulungu. Palibe chibwenzi, palibe mlandu. Kunali kusamvetsetsana. Mwana wathu apole masiku awiri atatu, abwerere kunyumba kwake. Koma zomvera m'makutuzi azimvera poyera, mwamuna wake azimva nawo."

Ndinayang'ana wailesi, ndinayang'ana khadi imene ndinaisunga mu sokosi sabata yonse. Ndinali nditabweretsa umboni woti achemwali abwerere ku Buchi.

Achemwali analankhula asanapatsidwe mpata, zimene sanachitepo pamaso pa akulu. Mawu awo anali okwera kuposa masiku onse, ngati munthu wolankhula pafupi ndi chigayo.

"Amalume, ndifunse. Akanakhala munthu weniweni, mukanati bwanji? Mukanati jombo ija inali yoyenera?"

"Mwana wanga, zimenezo zatha. Wapepesa."

"Mlomo uja panalibe buku. Dzanja lija limene ndinkabisa m'malaya chaka chatha panalibe buku. Mwaseka, mwamva nkhani yabwino. Ine sindinaseke."

Shibukombe anayamba kunena kuti mkazi wophunzitsidwa bwino sayankha chotero, koma amalume anamuletsa ndi dzanja, n'kutembenukira kwa atate kuti atseke nkhani monga mwini nyumba.

Atate ndi munthu wa mawu apansi. Ngakhale kutchalitchi akamapemphera, akumbuyo amadandaula. Anawerama pang'ono kumbali kwa achemwali, kumanzere kuja, n'kunena motsitsa, "Mwana wanga, iweyo mtima wako ukuti bwanji?"

Achemwali sanatembenuke. Ankayang'ana mphasa.

"Mwana wanga."

Palibe. Tonse tinamva, ngakhale ine amene ndinali kukhomo. Amayi anaika dzanja pakamwa. Atate anatambasula mkono n'kukhwatchitsa zala pafupi ndi thonje lija. Achemwali sanaphethire n'komwe. Anazindikira pokhapokha ataona kuti tonse tikuwayang'ana, ndipo anatembenuza mutu wonse kuti khutu lamanja liloze kwa atate. "Mwati chiyani, atate?"

Atate anagwira ntchito zaka zambiri muofesi ya chitetezo kumgodi. Ankatiuza za amuna obwera kudzayezedwa makutu, amene ankanamizira kumva kuti asachotsedwe ntchito, ndi mmene ankawagwirira powayitana kumbuyo. Tsiku limenelo anayang'ana zala zawo zija. Kenako anadzuka, anazimitsa wailesi, anatulutsa khadi n'kundipatsa.

"Kumgodi," anatero, "munthu akavulala pamalo, sitinkamubwezera pomwepo chifukwa choti wapezeka wosalakwa. Mwanayu sapita."

"Alamu," anatero amalume kwa atate, "anthu adzati chiyani? Inu mkulu wa mpingo?"

"Adzanene kumanzere kwake. Sadzamva."

Alamu anadzuka pamene anagwada paja. Misozi inali isanaume koma nkhope inali itasintha, inali ija ya Loweruka. Anakankha tebulo ndi bondo, makapu a tiyi anagwa n'kusweka. Anati anakwatira ndi chuma chawo, palibe Mnyasa amene angawalande mkazi. Analoza achemwali n'kunena kuti adzawapeza. Shibukombe anawagwira malaya, akuwakokera kunja, chipewa chitagwa. Pageti alamu anatola theka la njerwa n'kuponya. Linaswa windo la pabalaza n'kugwera pamphasa, pafupi ndi phazi la amayi. Amalume anayang'ana njerwayo, anayang'ana magalasi, ndipo za kusamvetsetsana sanazitchulenso. Mawa lake iwo omwe ndi amene anaperekeza achemwali ndi atate kupolisi.

Makina tinakawatenga pa wilibala, mayi wa makala uja atayima pakhomo ndi fosholo yake mpaka titachoka. Gudumu linali litapindika, ndipo mpaka lero akamasoka amalira ngati ali ndi chifuwa. Alamu anabweranso kangapo kudzaima kutsidya kwa msewu, ndipo kwa miyezi ingapo achemwali sankapita okha kumsika. Kutchalitchi ena amatipatsa moni, ena ayi. Mpingo unasiya kuwapatsa atate zoti alalikire kwa kanthawi, iwo sanadandaule. Khutu silinabwerere. Adokotala akuti mwina opaleshoni ingathandize, ndipo ine ndikamaliza sukulu n'kuyamba ntchito, chimenecho ndicho choyamba.

Kusukulu anzanga anandifunsa ngati buku la abale awiri lija n'labwino, chifukwa anali asanalimvere. Ndinati n'labwino, koma wowerenga wake ndi amene amalinyamula. Zina sindinanene.

Tinalimaliza nthawi ya mvula, pafoni yakale ya amayi, pakhonde la kuseri kumene makina amakhala tsopano. Ndimakhala kumanzere kwawo, popeza waya wa kumanzere ndi wanga, wa kumanja ndi wawo, ndipo ndikafuna kuwatsutsa ndimayenera kudzuka n'kuzungulira makina. Kumapeto mkazi uja anatsegula geti, abale anagwirizana, buledi anaphikidwa. Ine ndinalira pang'ono. Achemwali anadula ulusi ndi mano.

"Wolemba ameneyu watha bwino zophika buledi," anatero, "koma mkaziyo wamunamizira. Sabata yamawa undibweretsere lina."

Ndinazungulira makina. "La mtundu wanji?"

"Lililonse lalitali. Ndili ndi mayunifolomu a sukulu yonse."